Jean-Baptiste de La Salle Woyera, Nkhoswe ya Aphunzitsi

Pa 15 Meyi 1950 Apapa Pius XII adaika Jean-Baptiste de La Salle Woyera kuti akhale nkhoswe ya onse ophunzitsa ana ndi achinyamata. Munthu ameneyu sadabadwire uphunzitsi, ndipo pa unyamata wake sadaulakelake konse. Adali wansembe wa ku banja lolemera, wophunzira kwambiri, amene akadatha kukalamba mwaulemu pa mpando wake m'tchalitchi lalikulu la kwao. Chimene chidatembenuza moyo wake ndi chinthu chimene adachiona ndi maso m'sukulu za amphawi: munthu angathe kudziwa kuwerenga ndi kulemba, angathe kuloweza katekisimu yense, koma n'kukhala wosadziwa kuphunzitsa mwana. Zaka 40 zotsiriza za moyo wake adazithera pokonza chilema chimenechi.

Jean-Baptiste adabadwa pa 30 Epulo 1651 mu mzinda wa Reims, m'dziko la France, kumene mafumu a dzikolo ankadzozedwera ufumu. Atate ake, a Louis de La Salle, adali oweruza milandu. Mai ake, a Nicolle Moët, adali a ku mtundu womveka ndi wachuma. Pa ana 11 a m'banjamo iye ndiye adali wachisamba. Adaonetsa mtima wofuna unsembe akali wamng'ono, ndipo asanakwanitse zaka 16 adalandira mpando wa ukanoni m'tchalitchi lalikulu la mzindawo. Akanoni adali gulu la anthu a Eklezia oimba mapemphero a tsiku ndi tsiku m'tchalitchi la Episkopi. Mpando uliwonse udali ndi malipiro ake, ndipo woukhala sankadanso nkhawa za chakudya kapena chovala kufikira imfa.

M'chaka cha 1670 adapita ku seminale ya Saint-Sulpice ku Paris, koma sadakhalitseko. Mai ake adamwalira mu 1671, atate ake nawatsatira mu 1672, ndipo mnyamata wosakwana zaka 21 adabwerera kwao kukalera abale ake 6 ndi kusunga chuma cha masiye. Maphunziro adapitiriza konko ku Reims. Adalandira unsembe pa 9 Epulo 1678, ndipo mu 1680 adakhala dokotala wa maphunziro a zaumulungu. Kufikira apa padalibe cholosa kuti munthu ameneyu adzafera m'nyumba ya aphunzitsi osauka.

Mlendo wa ku Rouen

Masiku amenewo ana a amisiri ndi a anthu aganyu m'mizinda ya ku France ankangoyendayenda m'misewu makolo ali ku ntchito. Sukulu zazing'ono zidalipo, zina zolipira, zina zaulere za maparishi, koma kaphunzitsidwe kake kadali komvetsa chisoni. Mphunzitsi ankaitana mwana mmodzimmodzi ku tebulo lake, namuwerengetsa kanthawi, ena onse akusewera, akukangana, kapena akugona. Buku loyambira kuwerenga lidali la Chilatini, chinenero chimene mwana sankachimva ndi liwu limodzi lomwe. Choipitsitsa chidali chakuti anthu sankauyesa uphunzitsi ntchito yoti munthu n'kuiphunzira. Aliyense wodziwa kugwira cholembera, amene ntchito zina zidamukanika, ankatha kukhala mphunzitsi, ndipo akapeza ntchito yabwinopo ankachoka osacheuka.

Mu Malichi 1679 La Salle adakomana ndi mlendo pa khomo la nyumba ya Asisiteri a Mwana Yezu, amene iye ankawathandiza potsata chifuniro cha Bambo Nicolas Roland, mlangizi wake wauzimu, amene adali atamwalira chaka chapitacho. Mlendoyo adali Adrien Nyel, mkhristu wamba wa ku Rouen, wotumidwa ndi mai wina wachuma, Madame Maillefer, kuti adzatsegule sukulu yaulere ya anyamata ku Reims. La Salle adamulandira kunyumba kwake, namupezera bambo mfumu wovomera kusunga sukuluyo, ndipo mwezi wotsatira sukulu idayamba pa parishi ya Saint-Maurice. Posachedwa idatsegulidwa yachiwiri, kenaka yachitatu.

Nyel adali munthu wachangu ndi wokonda amphawi, koma adali ndi chilema cha anthu ambiri achangu: ankadziwa kuyambitsa, osadziwa kukhalitsa. Sukulu ikangoima, iye adali kale pa ulendo wokayambitsa ina. Aphunzitsi amene adawatola ankatsala okha, opanda wowalangiza. Adali anyamata osaphunzira mokwanira ndi osaleredwa mwaulemu. M'kalasi ankakalipa ndi kumenya, ana osapindula kanthu. La Salle, amene adangofuna kuthandiza ali patali, adaona kuti ntchito yonse igwa ngati aphunzitsiwo sakonzedwa. Adayamba ndi kuwabwerekera nyumba pafupi ndi yake. Kenaka adayamba kuwaitana kudzadya naye, kuti pa chakudyapo amve za m'makalasi mwao ndi kuwawongolera. Potsiriza, pa 24 Juni 1681, adawalowetsa m'nyumba ya makolo ake kuti azigona momwemo.

Achibale adapsa mtima, ndipo tingawamvetse. Ku France wa nthawi imeneyo mtunda wa pakati pa mwana wa woweruza ndi mphunzitsi wa ana a m'misewu udali waukulu zedi. La Salle mwini adavomera pambuyo pake kuti poyamba ankawaona aphunzitsiwo ngati anthu ochepera ngakhale wantchito wa m'nyumba mwake, ndi kuti akadadziwiratu kumene chifundo chakecho chidzamufikitsa, sakadayamba n'komwe. Mulungu adamutsogolera pang'onopang'ono, ntchito ina ikubala inzake, iye osazindikira. Achibale adamulanda ena mwa ang'ono ake. Chaka chitatha, pa 24 Juni 1682, iye adatuluka m'nyumba ya makolo, nakakhala ndi aphunzitsi ake m'nyumba yobwereka pa msewu wa Rue Neuve.

Kumeneko kudamudikira chiyeso china. Aphunzitsi ankada nkhawa za ukalamba wao, popeza adalibe munda, luso la manja, kapena chuma. La Salle akawalimbikitsa kuti akhulupirire Mulungu wodyetsa mbalame, iwo adamuyankha mosabisa kuti mawu otere ngosavuta kwa munthu wokhala ndi ukanoni ndi chuma cha makolo. Sukulu zikagwa, iye adzabwerera ku mpando wake, iwo nadzapemphapempha. La Salle sadakwiye, pakuti adaona kuti akunena zoona. Atafunsa nzeru kwa Bambo Nicolas Barré, wansembe wodziwa za sukulu za amphawi, adatula ukanoni mu 1683. Mpandowo sadaupereke kwa mng'ono wake Louis monga achibale ankayembekezera, koma kwa wansembe wina wosauka. Njala itagwa m'dzikomo posapita nthawi, adagawira anjala chuma chake, osasungako ngakhale choti chiziyendetsa sukulu.

Mwa aphunzitsi oyamba aja ambiri adachoka, koma kudabwera ena a mtima wina. Amenewa adavala mkanjo wakuda, nadzitcha Abulazala a Sukulu Zachikhristu. Poyamba La Salle adafuna kuti mmodzi wa iwo, Bulazala Henri L'Heureux, alandire unsembe kuti adzamulowe m'malo, koma iyeyu adamwalira mwadzidzidzi asanadzozedwe. La Salle adaona dzanja la Mulungu pa imfa imeneyi, nakhazikitsa lamulo lakuti m'chipani chao musadzakhale wansembe. Uphunzitsi, m'maganizo ake, udali ntchito yofuna munthu yense kuyambira m'mawa kufikira madzulo, osati pokhalira podikira udindo wina.

Kuphunzira mwana asanamuphunzitse

Apa mpamene pagona ukulu wa ntchito ya La Salle. Iye adali dokotala wa zaumulungu, koma palibe tsiku limene adaphunzitsidwa kuphunzitsa mwana wa zaka 7, ndipo sadanamizire kudziwa. M'malo molemba malamulo ochokera m'mutu mwake, ankalowa m'makalasi kukaona, nasonkhanitsa Abulazala achikulire ndi aluso, makamaka pa nthawi ya tchuthi, kuti aliyense afotokoze chimene adayesa ndi zimene zidatsatira. Njira ikathandiza m'sukulu zingapo, ankailemba; ikalephera, ankaisiya. Zolembazo zidakula kukhala buku lotchedwa Conduite des écoles chrétiennes, ndiye kuti kayendetsedwe ka sukulu zachikhristu. Buku lolembedwa pamanja la 1706 lidasungika, ndipo lidasindikizidwa koyamba ku Avignon mu 1720. Mawu ake oyamba amafotokoza kuti lidalembedwa patapita misonkhano yambiri ndi zaka zambiri za kuyesa, ndi kuti mulibe chimene chidalowamo chisanayesedwe.

Nkhani ya Chilatini iwonetsa bwino kaganizidwe kake. Mwambo wa nthawiyo udali wakuti mwana ayambe kuwerenga Chilatini, Chifalansa chibwere pambuyo. Abulazala adatembenuza: Chifalansa poyamba. Ambuye Godet des Marais, Episkopi wa ku Chartres, amene adali bwenzi la La Salle kuyambira ku seminale, adadandaula nazo, nafuna kuti sukulu za mu dayosizi yao zibwerere ku mwambo wakale. La Salle adawayankha ndi zimene aphunzitsi ake adaona. Ana a amphawi sakhalitsa pa sukulu, chifukwa makolo amawachotsa msanga kuti akagwire ntchito. Mwana amawerenga mofulumira mawu amene akuwamva. Mawu achilendo amangowatchula ngati mbalame, ndipo akachoka pa sukulu amaiwala zonse. Wodziwa kuwerenga chinenero chake sachedwa kuwerenga Chilatini, koma wochoka atangodziwa Chilatini chokha sangathe kuwerenga katekisimu kapena kalata ya malonda. Ambuye Episkopi adagonja.

Njira yoitana mwana mmodzimmodzi adaisiyanso. Ana adawagawa m'magulu molingana ndi pamene afika, onse a gulu limodzi ali ndi buku limodzi: wina akamawerenga mokweza, anzake akutsatira mwakachetechete, aliyense ali tcheru popeza angathe kulozedwa nthawi iliyonse. Kuwerenga kudagawidwa m'makwerero 9, kuyambira pa bolodi la zilembo, kudzera pa maphatikizo ndi mabuku, kufikira pa kuwerenga makalata olembedwa pamanja, monga mapangano ndi malisiti amene mmisiri amakomana nawo. Mwezi uliwonse ana ankayesedwa, ndipo okonzeka okha ndiwo ankakwezedwa. Bukulo lidachenjeza kuti mwana wokwezedwa asanakhwime adzakhala mbuli mpaka kale, chifukwa chosowa maziko. La Salle sadali woyamba kuganiza zophunzitsa gulu lonse pamodzi. Ena adayesako iye asanabadwe. Chake chidali kulongosola njirayo bwinobwino, kotero kuti mphunzitsi wamba, wokhala ndi ana 60 kapena kupitirira, n'kutha kuigwiritsa ntchito.

Chodabwitsa china n'chakuti mphunzitsi ankalangizidwa kulankhula pang'ono. Abulazala adapeza kuti ana samvera mphunzitsi wolongolola, ndi kuti phokoso la m'kalasi limayamba kawirikawiri ndi mphunzitsi mwini. Motero aliyense adali ndi kachida kakang'ono ka mtengo kolira akakadina. Kakalira kamodzi, ana onse ankadzutsa maso, mphunzitsi naloza woti awerenge. Kakalira kawiri, wowerengayo ankadziwa kuti waphonya, nabwerera yekha kukakonza. Mwana ndiye ankagwira ntchito, mphunzitsi ali phee, akuyang'ana.

Kuyang'anako kudali ndi cholinga. Mwana akamalembetsa sukulu, makolo ankafunsidwa za ntchito yao, za umoyo wa mwanayo, za anzake oyenda nawo, ndi ngati adaphunzirapo kwina. Chaka chikamatha, mphunzitsi aliyense ankalemba za mwana aliyense wa m'kalasi mwake: mtima wake, zimene amakhoza, zimene zimamuvuta, m'mene makolo amamulerera, ndiponso njira imene imamuthandiza, kaya kumuyamikira kapena kumulimbitsira dzanja. Zolembazo zinkaperekedwa kwa mphunzitsi wa chaka chotsatira, kuti asataye miyezi pofufuza zimene mnzake adazidziwa kale. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. La Salle adasandutsa kudekhako kukhala lamulo la ntchito.

Pa za kujomba, bukulo lidanena zimene aphunzitsi ambiri sakonda kumva. Lidatchula ulesi wa ana ndi kusasamala kwa makolo, inde, koma lidawonjeza kuti ana ena amathawa sukulu chifukwa mphunzitsi ndi watsopano, wosakonzedwa, wofulumira kulanga, kapena wankhope yosasangalatsa. Mankhwala ake sadali kukwapula wojombayo, koma kusamusiya mphunzitsi watsopano yekha m'kalasi asanaphunzitsidwe mokwanira. N'chifukwa chake wongoyamba kumene ankaikidwa m'manja mwa Bulazala wodziwa ntchito, woti azimuonerera ndi kumuchotsa pang'onopang'ono zizolowezi zoipa monga kulankhulitsa, phuma, ukali ndi kukondera. Padalinso woyendera sukulu, woona aphunzitsi ndi ana omwe.

Pasabisike kuti chikoti chidalipo m'sukulu zimenezi, monga m'sukulu zonse za nthawiyo, ndipo wowerenga wa lero angakhumudwe ndi masamba ena a bukulo. Komabe La Salle adachimanga ndi malamulo ambiri: chilango chikhale chakamodzikamodzi, chisaperekedwe mphunzitsi ali wokwiya, ndipo ana amantha, odwaladwala, aang'ono, ongofika kumene ndi ochedwa kumva asamalidwe mwapadera. Abulazala a m'mibadwo yotsatira adachichotseratu.

Akatekisiti angapeze zao m'mutu wa katekisimu. Phunziroli linkachitika tsiku lililonse kwa theka la ola, ndipo Lamulungu linkatalikirapo. Mphunzitsi adaletsedwa kulalikira ngati wansembe pa guwa. Ntchito yake idali kufunsa, ndi kuphwanya funso lalikulu m'timafunso ting'onoting'ono, kuti aone ngati mwana wamvadi kapena wangoloweza. Adayenera kufunsa onse, makamaka ochedwa kumva, osati ochenjera okha okweza manja. Mwana akalephera, mphunzitsi ankafunsa wina wodziwa, kenaka n'kubwerera kwa woyamba uja kuti abwereze. Sadaloledwe kunena chinthu chimene iye mwini sadachitsimikize, kapena kugamula payekha kuti tchimo lakuti ndi lalikulu kapena laling'ono. Wosokoneza pa katekisimu chilango chake chinkadikira nthawi ina, kuopa kuti ana angadane ndi mawu a Mulungu chifukwa cha misozi.

Aphunzitsi a kumidzi

Abambo mfumu a kumidzi atamva mbiri ya sukulu za ku Reims, adayamba kupempha Bulazala mmodzimmodzi. La Salle adakana, popeza sankatuma Bulazala kukakhala yekha, ndipo mudzi sukadatha kusunga awiri. Koma adapeza njira ina. Adapempha ansembewo kuti asankhe anyamata a makhalidwe abwino m'midzi mwao ndi kuwatumiza kwa iye. Motero pakati pa 1685 ndi 1687 kudayamba ku Reims nyumba yophunzitsira aphunzitsi a kumidzi. Anyamatawo sankakhala Abulazala. Ankadya ndi kugona kwaulere, naphunzira kuwerenga, kulemba, kuimba nyimbo za m'tchalitchi ndi kaphunzitsidwe, kenaka n'kubwerera kwao kukakhala aphunzitsi ndi athandizi a bambo mfumu. Ntchito yao idafanana kwambiri ndi ya katekisiti wa kumudzi. Ambiri amaiwerenga nyumba imeneyi ngati imodzi mwa sukulu zoyamba za uphunzitsi, ngakhale Bambo Charles Démia adali atayamba kale ntchito yofananako ku Lyon.

Phunziro limene La Salle adalipeza m'sukulu za ana aang'ono lidachedwa kufika pamwamba. Kwa zaka zambirimbiri sukulu zaukachenjede zidapitiriza kuganiza kuti wopambana mayeso aakulu ndiye kuti wadziwanso kuphunzitsa, ndipo wongomaliza kumene ankapatsidwa gulu la ophunzira kuti athandize aphunzitsi aakulu popanda womulangiza. Masiku ano zambiri mwa sukuluzi zimayamba zaphunzitsa athandizi oterewa za m'mene ophunzira amamvera ndi kuiwalira zinthu. Ndi ntchito yomwe ija imene idayambira pa tebulo la chakudya ku Reims.

Mitanda

Mu 1688 La Salle adapita ku Paris ndi Abulazala awiri kukalandira sukulu ya parishi ya Saint-Sulpice. Kuyambira pamenepo mavuto sadamusiye. Iye atachoka, nyumba ya aphunzitsi a kumidzi ku Reims idafooka nitsekedwa, Abulazala ambiri adachoka, ena adafa ndi kutopa, ndipo iye mwini adadwala pafupi kufa. Pa 21 Novembala 1691, ku Vaugirard pafupi ndi Paris, iye ndi Abulazala awiri, Nicolas Vuyart ndi Gabriel Drolin, adalumbira mobisa kuti sadzasiya ntchitoyo ngakhale atatsala atatu okha, ngakhale kutafunika kupemphapempha ndi kudya buledi yekha. Adaona kuti cholakwa chidali kutuma anthu ku ntchito asanakhwime, ndipo adatsegula novisiyati, naitanitsa Abulazala kuti adzalimbikitsidwe, nalamula kuti aliyense azimulembera kalata mwezi ndi mwezi. Mu 1694 iye ndi Abulazala 12 adachita malumbiro a moyo wonse.

Sukulu zikamakoma, adani ankachuluka. Aphunzitsi a sukulu zolipira ndi a bungwe la ophunzitsa kulemba adaona ana akuwathawa kupita kumene kudali kwaulere ndi kwabwino. Adakasuma kuti Abulazala akulandira ana a anthu otha kulipira, ndipo La Salle adakana kusankha ana potsata thumba la makolo. Mu 1704 milandu idamugwera: adamulipiritsa, mabenchi ndi mabuku zidalandidwa. Ngakhale mu Eklezia mudali omutsutsa. Mu 1702 Kardinala de Noailles wa ku Paris, atamva madandaulo, adamuchotsa pa ukulu naikapo wansembe wina. La Salle adagonjera, koma Abulazala adakana kwamtuwagalu, mpaka nkhaniyo idathera pakuti wansembeyo akhale mkulu wa dzina lokha.

Chomvetsa chisoni koposa n'chakuti ntchito imene adaikonda kwambiri, yophunzitsa aphunzitsi a kumidzi, idagwa katatu iye akali moyo. Itatha ya ku Reims, adatsegula ina ku Paris pa parishi ya Saint-Hippolyte, naiika m'manja mwa Nicolas Vuyart, mmodzi wa awiri olumbira naye aja. Bambo mfumu wa pamenepo pomwalira adasiya chuma cha nyumbayo m'dzina la Vuyart, ndipo Vuyart adachitenga ngati chake, navula mkanjo, nyumbayo idatha. Yachitatu idatsegulidwa ku Saint-Denis mu 1709 ndi thandizo la mnyamata wina wofuna unsembe, dzina lake Clément, amene adachita kuumiriza La Salle kuti avomere. Pambuyo pake atate a mnyamatayo adasuma kuti La Salle adanyenga mwana wosakwana msinkhu kuti atulutse ndalama. Mu 1712 bwalo lidamupeza wolakwa, nyumba idalandidwa, dzina lake lidaipitsidwa.

Poganiza kuti iye ndiye wodzetsa tsoka pa chipani, ndi kuti Abulazala a ku Paris amutaya, La Salle adapita kummwera kwa France, nakhala kumeneko zaka ziwiri. Ku Marseille adamulandira ndi manja awiri, kenaka namutembenukira. Ku Grenoble, Bulazala wina atatumidwa pa ulendo, nkhalamba ya zaka zopitirira 60, dokotala wa zaumulungu, idalowa m'kalasi m'malo mwake niphunzitsa tiana zilembo, niwatsogolera ku Misa pa mzere anthu a mu mzinda akuona. Adakhalako masiku pa phiri la Parménie, akulakalaka kutsiriza moyo wake m'mapemphero, koma mai wina wosaphunzira wosunga malowo, wotchedwa Sisiteri Louise, adamuuza kuti Mulungu sadamuitanire kukhala payekha.

Pa 1 Epulo 1714 Abulazala akuluakulu a ku Paris ndi madera ozungulira adamulembera kalata yomulamula, m'dzina la chipani chimene adalumbira kuchimvera, kuti abwerere kudzatenganso utsogoleri. Kalata yotere, ana kulamula atate, ikadakwiyitsa munthu wina. Kwa iye idali umboni wakuti anyamata aja, amene kale sankadziwa ngakhale kukhala pa tebulo, tsopano adakula kufikira potha kusunga ntchito okha. Adamvera, nafika ku Paris mu Ogasiti chaka chomwecho.

Zaka zotsiriza adakhala ku Saint-Yon, pafupi ndi Rouen, nyumba imene adaitsegula mu 1705, mmene mudali novisiyati, sukulu yogonera konko, ndi malo osungirako anyamata ovuta. Mu 1717 adakakamiza Abulazala kuti asankhe mkulu mwa iwo okha iye akali moyo, kuopa kuti angadzaikiridwe wansembe wakunja, ndipo adasankha Bulazala Barthélemy. Kuyambira tsiku limenelo La Salle sankachita kanthu osapempha chilolezo, nathera nthawi yake pokonza mabuku ndi kumvetsera kulapa kwa anyamata a m'nyumbamo. Masiku ochepa asanamwalire, chifukwa cha kusamvana ndi bambo mfumu wa parishi ya kumeneko, akulu a dayosizi adamulanda chilolezo chomvetsera kulapa. Adalandira uthengawo ali pa mphasa, osadandaula. Adamwalira m'mamawa wa Lachisanu Loyera, pa 7 Epulo 1719, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 68. Adasiya Abulazala pafupifupi 100.

Apapa Benedict XIII adavomereza chipanicho mu 1725. Apapa Leo XIII adamutcha Wodala mu 1888, namulemba m'gulu la Oyera pa 24 Meyi 1900. Chikondwerero chake, chimene kale chinkachitika pa 15 Meyi, tsopano chili pa 7 Epulo. Mafupa ake adachotsedwa ku Rouen kupita ku Belgium, ndipo mu 1937 adawatengera ku Rome, ku nyumba yaikulu ya Abulazala, mu mzinda umene Gabriel Drolin, wotsala wa olumbira aja, adakhalamo yekha zaka 26 akuphunzitsa ana a amphawi.